Mudzi Umene Achimwene Sanaumbe

Sendezani mipando kuno ku mbaula, magetsiwa sabwera msanga. Mwakhala mukundifunsa za chitseko chakale chija chimene chinagonekedwa pa njerwa m'chipinda chakumapeto, chimene sitilola ana kuchigwira. Lero ndikuuzani. Koma musandifunse kuti zinkatheka bwanji, chifukwa nanenso sindikudziwa. Ndingokuuzani zimene ndinaona ndi kumva ine mwini.

Achimwene anga a Fatsani atamaliza koleji ku Zomba anabwerera kuno ku Dedza kudzaphunzitsa kusekondale, ndipo anabwera ndi masewera achilendo. Si bawo, si ludo, ngakhale dayisi yake ndi yomweyo. Munthu mmodzi amapeka dziko lathunthu, mapiri ake, mitsinje yake, mitundu ya anthu ndi miyambo yawo. Anzake aliyense amasankha kukhala munthu mmodzi wa m'dzikomo, kaya mlenje, kaya sing'anga, kaya wakuba. Wopeka uja amafotokoza zimene zikuchitika, enawo n'kumanena zimene achite. Zikafika povuta, monga kuwoloka mtsinje wodzaza, amaponya dayisi kuti aone ngati munthu wako wawoloka kapena wakokoloka.

Dziko la achimwene linali Thondowa. Kumwamba kwake kunali miyezi iwiri, woyera ndi wofiira. Anthu ake ankakwera nkhanga zazikulu ngati ng'ombe, ndipo mzinda wawo waukulu unali wazitsulo, wolendewera pamwamba pa mathithi. Achimwene ankafuna kudzalemba buku la dzikolo, koma ankati sangalembe za malo amene sanawayende. Ndiye anatenga chitseko chija, anachigoneka pa njerwa, n'kuyamba kuumbapo Thondowa ndi dongo. Mapiri, zigwa, milatho ya timitengo, mitsinje ya magalasi a mabotolo osweka.

Munthuyo akayamba za Thondowa sankatha. Tikudya, mwadzidzidzi amaimika dzanja m'malere.

"Leke," amatero, pakuti ine ndine Lekeleni, "ngati miyezi ili iwiri, anthuwa amadziwa bwanji nthawi yodzala?"

"Achimwene, idyani, ndiwo zikuzizira."

"Ayi, taganiza. Ndipo ngati nkhanga ndi zokwera, sangazidye. Nanga mlendo amamuphera chiyani?"

Anali ndi lamulo limene ankalibwereza mpaka kutopetsa. Ankati ungapeke zodabwitsa zotani, munthu wa m'dziko lakolo ayenera kumwa madzi, kudya ndi kugona. Ukaiwala zimenezo, osewera amadziwa kuti ukuwanamiza.

Tinkasewera Lamulungu lililonse masana, tikabwera kutchalitchi. Tinalipo ine, a Chisale owotcherera zitsulo pamsika, ndi mnzanga Felista, namwino wa pachipatala chaching'ono chapafupi. A Chisale anali mlenje wamantha, Felista anali sing'anga wosachedwa kupsa mtima, ine ndinali woweta nkhanga. Tinkaseka mpaka misozi.

Pakona pa chipindacho tinkakhazikapo ababa athu, a Ngozo, kuti tiziwaona. Ababa anali telala wodziwika masiku awo, koma nthawi imeneyo matenda oiwala anali atawagwira kwambiri. Manja awo ankanjenjemera moti kapu ya tiyi ndinkachita kuwagwirira. Chimwalirire amayi, sanatchulenso dzina la aliyense wa ife. Ine mwana wawo ankanditi "mayi inu", ngati munthu wokumana naye pa basi. Masiku ena kunkada osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Zinkandipweteka, koma ndinali nditazolowera.

Zinayamba ndi dongo. La kudambo kwathu linkang'aluka likauma, ndiye a Chisale anauza achimwene kuti m'nkhalango ya paini ya pa phiri la Chigoti muli khwawa lina lokhala ndi dongo labwino. Achimwene anapalasa njinga Loweruka lina, n'kubwera ndi thumba lodzaza. Linali lakuda, losalala ngati sopo, ndipo munali tizidutswa ta mapale akale. Ndinathandiza kutisankha n'kutitaya kuseri.

Pachitsekopo panali patatsala ngodya imodzi yopanda kanthu. Achimwene anaumbapo kaphiri, kakhwawa, mwala umodzi waukulu, ndi kamudzi ka tinyumba towerengeka. Anati n'kongodzazira malo, ulendo wa masewera athu sudzafika kumeneko. Ngakhale dzina sanakapatse.

Lamulungu lotsatira, Felista akukoka mpando, anaima n'kuyang'anitsitsa.

"A Fatsani, kamudzi aka kakula."

Achimwene anaseka. "Ndani mwa inu wandiwonjezera?"

Tinayang'anana. Tinawerama tonse. Tinyumba ta achimwene tinali timibulu chabe, tosongoka pamwamba. Pakati pa timeneto panali tina tatsopano, tozungulira bwino, tokhala ndi khonde ndi kakhomo, madenga ake a udzu weniweni, wowonda ngati tsitsi. Panalinso nkhokwe ndi khola. Pakhoma la kanyumba kena panadinda chala, chala chaching'ono, osati cha achimwene.

"Kapena ana a kwa aneba," anatero a Chisale.

"Chipinda chino ndimakhoma," anayankha achimwene, akugwira thumba la buluku. "Kiyi sachoka muno."

Tonse tinacheukira ababa. Anali atakhala phee, maso ali pazenera, manja akunjenjemera pa maondo. Manja amenewo sakanatha kumanga ngakhale batani. Tinasewera tsikulo, koma kuseka kunali kochepa.

Ine ndi amene ndinkakhala pakhomo masana, achimwene ali kusukulu. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, ndikusita, ndinamva kusinja. Thi, thi. Thi, thi. Misi iwiri yolandizana mumtondo umodzi, kutali ndithu. Ndinadabwa, chifukwa kuno aliyense amapita kuchigayo. Ndinatuluka panja. Kunali zii, nkhuku zokha zikupalasa. Nditalowanso m'nyumba ndinakumvanso. Ndinayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka m'nyumba, ndipo pamene ndinkayandikira chipinda chokhomacho m'pamene kunkamveka bwino. Sikuti kunkakwera mawu ayi. Kunali kutali chimodzimodzi, koma kutaliko kunali kuseri kwa chitseko cha chipindacho. Pansi pake pankatuluka kafungo ka utsi wa nkhuni zaziwisi.

Ndinabwerera chafutambuyo n'kukakhala pafupi ndi ababa. Ndinapeza akugwedeza mutu motsatira misi ija.

Tinthu tinayambanso kusowa. Mchere m'botolo unkatsika msanga. Singano imene ndinabaya pa katani sinaonekenso. M'chikwama cha zigamba zakale za ababa, chimene chinali chodzaza, munayamba kuphwa. Palibe chachikulu chinasowa, ndipo n'chifukwa chake ndinkachita manyazi kuuza munthu.

Kenako ndinakumana ndi mayi wina. Ndinkachokera kumsika dzuwa litapendeka, ndikudutsa kanjira ka pakati pa minda. Kutsogolo kunkabwera mayi atasenza mtsuko. Mtsuko weniweni wadothi, masiku ano a zigubu ndi ndowa. Anavala nsalu yakuda yomanga pachifuwa, wopanda nsapato. Dzuwa linali kumbuyo kwake, moti nkhope sindinaione bwino, koma ndinaona ngati m'masaya munali mphini. Titayandikana anapatuka, anapinda maondo pang'ono.

"Mwaswera, mwana wa kwa Ngozo?"

"Ndaswera, kaya inu mayi?"

"Ife tili bwino. Nyumba tazilandira. Koma mukawauze omangawo kuti aiwala madzi. Titunge kuti ife?"

Mawu ake anali ofatsa, opanda mkwiyo, ngati mlendo amene akupempha chikho. Ndisanayankhe anali atadutsa. Nditacheuka ndinamuona akukwera njira ya kuphiri. Chimene chinandiimitsa tsitsi n'chakuti m'mphepete mwa njiramo munali mbuzi zikudya, ndipo zonse zinasiya kudya, zinatukula mitu n'kumamuperekeza ndi maso.

Nditafika kunyumba ndinafotokoza zonse. Achimwene atamva, anakhala pansi pa sitepe. Sanandiseke. Kenako anati:

"Akunena zoona. Kamudzi kaja ndinaiwala chitsime."

Lamulungu lotsatira tinakambirana tisanatsegule chipinda. Felista ankati tiitane abusa. A Chisale ankati dongolo likabwezedwe kumene linachoka, ndipo anadzipereka kunyamula okha chifukwa ndi iwo analozera malowo. Ine ndinkangofuna mtendere. Achimwene anamvetsera onse, kenako anati:

"Munthuyo sanaopseze aliyense. Wapempha madzi. Ine ndi amene ndinaika anthu pamalo opanda madzi. Ndiyambe ndakonza chimenecho."

Anatsegula. Mudzi unali utakulanso, tsopano unali ndi tinjira topyapyala tolumikiza makomo. Achimwene anatenga kagalasi ka botolo lobiriwira, anayang'ana kumene madzi angatsikire kuchokera pa kaphiri, n'kukamatiza m'munsi mwa mudzi.

"Si pamenepo."

Tonse tinadzidzimuka. Anali ababa. Anali ataimirira okha, chinthu chimene sankachita popanda kuwagwira mkono. Anayenda mpaka pachitsekopo, anawerama, chala chawo chikugwedera pamwamba pa tinyumba.

"Pamenepo madzi ake ndi a ng'ombe. Akumwa ali kuseri kwa mwala uwu, pansi pa mkuyu. Umadutsa pakati pa nkhokwe ya azakhali ndi khola la a Gwaza." Chala chinasuntha. "Apa kwa a Gwaza. Apa kwa a Nachisale, amene ankaumba mitsuko. Apa pabwalo. Apa," mawu anatsika, "apa kwathu. Khomo linkayang'ana kuphiri, chifukwa amayi ankadana ndi mphepo."

A Chisale anavula chipewa.

"Ababa," anafunsa achimwene motsitsa, "mudzi umenewu ndi uti?"

Ababa anawayang'ana ngati afunsa za chibwana. "Pa Tsumbwi. Kumene ndinabadwira. Anatisamutsa ndili wamng'ono, pobzala mitengo ija." Kenako anatembenukira kwa ine, anandiyang'ana m'maso mwenimweni, n'kunena kuti, "Nangozo, tandikokera mpando kuno, mwana wanga. Miyendo yatopa."

Abale anga, Nangozo ndi mmene ankandiitanira ndili mwana. Ndinali nditataya mtima kuti ndidzalimvanso pakamwa pawo. Ndinakoka mpandowo, ndinawakhazika, kenako ndinathawira kukhitchini kukalira. Felista ananditsatira, anangondigwira paphewa nayenso akupukuta m'maso.

Dzina loti Tsumbwi tinali tisanalimvepo. Tinkadziwa kuti ababa anakulira pamsika pano, basi. Za kusamuka sankazikamba.

Achimwene anachotsa kagalasi kaja n'kukaika kuseri kwa mwala, anabayapo kanthambi kuti kakhale mkuyu. Za abusa ndi zobweza dongo palibe anazitchulanso. Kusinja kwa masana kunapitirira, koma ndinasiya kukuopa. Ndinkangoti anthu ali pa ntchito yawo, ine ndili pa yanga.

Miyezi yotsatira inali yokoma kuposa ina iliyonse imene ndikukumbukira m'nyumba muno. Masiku ena onse ababa ankakhala mmene analili, osayankhula, osatizindikira. Koma tikawakhazika pafupi ndi chitsekocho ankabwerera. Achimwene anasintha nkhani ya masewera kuti anthu athu asochere m'mapiri n'kukafika pa Tsumbwi. Ndiye m'malo moti iwo azifotokoza, ankafunsa ababa.

"Ababa, alendo afika pabwalo madzulo. Awalandira ndani?"

"A Gwaza. Koma ayambe asiya mikondo pa mtengo wa mpoza. Salowa nayo."

"Nanga nkhanga zawo zokwerazo azimangirira kuti?"

Ababa anakwinya nkhope. "Nkhanga zotani?"

"Zazikulu ngati ng'ombe, ababa."

"Iii! Azimange kutali! Zitha mawere a amayi!"

Tinaseka mpaka a Chisale anatsamwa. Ababa nawonso anaseka, kuseka kwawo kwakale kogwedeza mapewa. Anatiuza za nyimbo za pamtondo, za mmene ankatchera mbewa, za mlongo wawo amene anamwalira ali khanda. Achimwene anandiuza tsiku lina kuti Thondowa yense, ndi miyezi yake iwiri ndi mzinda wake wazitsulo, analibe malo amoyo ngati kangodya kameneko, kamene iwo sanapeke.

Kenako inafika nyengo yozizira. Inu mukukudziwa kuzizira kwa kuno mwezi wa Juni, kumene madzi a m'ndowa amaluma zala. Tsiku lina masana ndinasiya ababa akuwodzera pakhonde, atavala malaya okha chifukwa kunali kadzuwa, ndinazungulira kuseri kukaanula zovala. Pobwera ndinapeza mpando wokha.

Ndinayamba ndi kwa aneba. Kenako kumsewu. Ndinaimbira achimwene, anathamanga kuchokera kusukulu. A Chisale anatseka shopu, anasonkhanitsa anyamata a kabaza. Tinafufuza pamsika, pakhonde pamene ababa ankasokera kale, kutchalitchi, kumanda kumene kunagona amayi. Palibe anawaona. Munthu woyenda movutika chotero, tinkati sangapite kutali, ndiye tinkangozungulira momwemo, kusuzumira m'zimbudzi, m'maenje a njerwa, m'minda ya mbatata.

Dzuwa likulowa chifunga chinatsika kuchokera kuphiri, kunja kunangoti mbuu. Anthu anayesetsa ndi matochi mpaka analephera. Usiku umenewo palibe anagona. Kutayamba kuyera, Felista anandikokera pambali.

"Leke, ndisakunamize. Munthu wamkulu ngati uja, wopanda jekete, kuzizira kumeneku..." Sanamalize.

Amayi ena anali atayamba kale kusonkhana pakhonde, atafunda zitenje, akuyankhula monong'ona ngati mmene anthu amachitira podikira uthenga woipa. Achimwene sanathe kupirira. Analowa m'nyumba, ndinamva akutsegula chipinda chija. Ndinadziwa kuti akufuna pobisala kuti alire.

Posakhalitsa anandiitana. Sanakuwe. Mawu ake ndi amene anandithamangitsa.

Anali atagwada pambali pa chitsekocho. Kuseri kwa mwala, pansi pa kanthambi ka mkuyu, panali kamunthu kadongo katakhala tsonga, katatsamira mwalawo. Kanali katafunditsidwa kachigamba. Ndinakazindikira kachigambako, kanali ka m'chikwama cha ababa. Mozungulira panali timibulu tina, topanda nkhope, topanda manja, tangokhala bwalo. Pakati pawo panali kaphulusa kochepa ngati kotsina ndi zala. Dongo lake linali laliwisi.

"Achimwene, phiri lija n'kutali. Sangafike."

"Tenga bulangete," anatero. "Itana Felista."

Tinanyamuka ine, achimwene, Felista ndi a Chisale. Galimoto ya mnzawo wa a Chisale inatisiya pamene msewu umathera, kwinako tinayenda pansi. M'nkhalango ya paini mitengo yonse imafanana, mizere yokhayokha, pansi pali masamba ofiira oterera. Chifunga chinali chikadalipo, moti munthu akatalikira pang'ono ankasanduka chithunzithunzi. Munalibe mbalame. Tinkangomva madontho akugwa kuchokera m'nthambi.

Tinafika pakhwawa pamene achimwene anakumba dongo. Anaima, anatseka maso, manja awo akuyenda m'malere ngati akusisita chitseko chija.

"Khwawa likakhala kumanja, bwalo lili kumtunda," anatero. "Tiyeni."

Titakwera pang'ono, ndinayamba kuona kuti pansi sipanali posalala. Pakati pa mizere ya mitengo panali timitumbira tozungulira, tophwatalala, tokwiririka ndi masamba. Munthu wongodutsa sakanationa. Achimwene ankatiloza akuyenda, akunong'ona.

"Kwa a Nachisale. Kwa a Gwaza. Khola linali apa. Ndiye tidutse pakati."

A Chisale, amene ankatsogola, anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuyenda pambali panga. Ndinawamva akupemphera chapansipansi. Ine sindinganene kuti ndinaona munthu. Koma njira yonseyo ndinkamva ngati mmene umamvera ukamadutsa pakati pa mudzi wa eni, anthu ali m'makonde akukuyang'ana mwaulemu, osakuletsa.

Mwala unatulukira m'chifunga, waukulu ngati nyumba. Pambali pake panali mkuyu umodzi wokalamba, wokhawo pakati pa paini yense uja. Tinazungulira.

Ababa anali atakhala pansi, atatsamira mwala, miyendo atatambasula. Maso anali otsegula. Pafupi nawo madzi ankatuluka pansi pa mizu, oyera mbee.

Felista anafika poyamba. Anawagwira pakhosi, pamkono, anapisa dzanja pachifuwa. Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Akutentha bwinobwino," anatero. "Leke, thupi lawo ndi lofunda kuposa langa."

Pamapewa pawo panali nsalu yakuda, yokhuthala, yonunkhira utsi. Patsogolo pawo panali mulu wa phulusa. A Chisale anaikapo dzanja n'kulichotsa msanga, linali likadali la moto. Ababa analibe machesi, ndipo ngakhale akanakhala nawo sakanatha kukhwatcha. Pambali panali phale lokhala ndi zotsalira za phala la mawere. Ndipo mozungulira phulusalo masamba a paini anali ophwanyika malo ndi malo, mmene pamaonekera pamene pakhala anthu nthawi yaitali.

Ndinagwada n'kuwakumbatira. "Ababa! Ababa, mwatiopsa!"

"Nangozo," anatero, ngati takumana pakhomo. "Mwachedwa. Angochoka kumene." Anayang'ana kuseri kwa mkuyu, kumene chifunga chinkayenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo. "Amayi amati ndikhale konkuno, ndatopa. Koma azakhali akana. Akuti ana akadandifuna, nthawi yake sinakwane. Akangana usiku wonse." Anaseka pang'ono. "Azakhali sagonja."

Felista anachotsa nsalu ija mosamala n'kuwafunditsa bulangete lathu. Ine ndinaipinda bwinobwino ndi kuiika pamwala pouma, phale lija pambali pake. A Chisale anawabereka ababa kumsana. Potsika palibe anacheuka, osati chifukwa cha mantha okha, koma zinkaoneka ngati kucheuka kukanakhala kupanda ulemu.

Kuchipatala anawapima n'kupeza kuti alibe vuto, ngakhale chifuwa. Mapazi okha ndi amene anali ndi timabala. Anthu ankafunsa kuti anakwera bwanji phiri lonselo, ife tinkangoti sitikudziwa, ndipo sikunali kunama.

Ababa anakhala nafe mpaka chaka chotsatira titakolola. Anamwalira pa bedi lawo, masana, ine ndi achimwene tili pambali, ndipo anatitchula maina tonse awiri. Buku lija achimwene analimaliza. Tsumbwi alimo, ndi dzina lake lenileni, ndi a Gwaza, ndi a Nachisale, pansi pa miyezi iwiri ya Thondowa. Chitsekocho timasewererabe mbali zina zonse, koma ngodya imeneyo sitiikhudza.

Chatsala chimodzi. Ababa atatuluka m'chipatala muja, mtima wanga sunakhazikike. Munthu akakusungira kholo lako usiku wonse pa chisanu, sungangokhala chete. Koma ine ndine mayi wa Mvano, ndinakulira m'tchalitchi, za mizimu sindidziwa poyambira. Ndinauza achimwene, iwo anati nawonso zikuwavuta chimodzimodzi.

Ndiye Loweruka lina m'mawa tinakweranso awirife, nditanyamula kachigubu ka thobwa limene ndinaphika ndekha. Kunali kowala, kopanda chifunga. Pamwala paja panalibe nsalu, panalibe phale. Ndinaika thobwalo pa mizu ya mkuyu. Achimwene anavula chipewa. Ine ndinagwada.

"Eni mudzi," ndinayamba, "ine ndine Nangozo, mdzukulu wanu. Miyambo yake sindiidziwa, mundikhululukire. Maina anu ena sindiwadziwa. Ndangobwera kudzathokoza. Munawafunditsa, munawadyetsa, munatibwezera. Agogo, pepani kuti tawatenganso, tiwasamala. Azakhali, zikomo potiyankhulira."

Ndinaomba m'manja mwachikazi, manja ofumbata, pang'onopang'ono. Kenako ndinasiya. Nkhalango inali zii. Ndinayamba kudzimvera manyazi, mayi wamkulu kugwada m'tchire kuyankhula ndi mitengo. Ndinagwira pansi kuti ndidzuke.

Pomwepo, kumtunda, kumene kunali bwalo, kunamveka kuomba m'manja. Phu, phu, phu. Poyamba munthu mmodzi. Kenako wina kumanzere. Kenako ambiri, amuna ndi akazi, kutali ndi pafupi, modekha, mmene anthu amayankhira mlendo akapereka moni pabwalo.

Achimwene anagwada pambali panga, misozi ikutsika. Tinakhala choncho, mitu ili pansi, mpaka womaliza anasiya.